Chitsanzo cha pa Tsamba 41

Safia anali kupinda mikeka ya sadaka ya tsiku lachitatu pamene a Hamilton anagogoda. Iwowa ankagwira ntchito ndi malemu a Amisi, bambo ake a Safia, pa kakampani ka mapulogalamu a kompyuta ku Edenvale.

"Pepani, nthawi yake si ino," anatero. "Koma abwana akufuna kompyuta yawo. Buku lipite kosindikiza Lolemba."

"Tengani," anayankha a Zuberi, mkulu wake wa malemuyo. "Ife tikulongedza kale. Alamu akubwerera ku Mangochi, uyu ndamupezera ntchito kwa dona ku Alberton."

"Mwanayu wangotsala ndi chaka chimodzi, alamu," mayi ake a Safia anatero chapansipansi.

"Adzadya sukuluyo? Tonse kuno ku Joni tinayamba ndi tsache."

Safia anangoweramira mkeka.

Bukulo linali lophunzitsa makalaliki a m'makoleji kugwiritsa ntchito pulogalamu yosungira mayina a ophunzira. A Amisi sankalola chitsanzo chosayesedwa kulowa m'buku. Anachita kukonza kapulogalamu kena kotola zitsanzo zonse m'masambamo, kuziyendetsa chimodzichimodzi, n'kuona ngati yankho likufanana ndi lomwe analemba.

"Ndiloleni ndiyese kaye," anatero a Hamilton, nayatsa kompyutayo.

Pulinta yomwe inali pambali pake inalira ngati macheka, n'kutulutsa pepala la zotsatira. Zitsanzo zonse zinatheka, kupatula chimodzi.

"Eish, chomwechi chija! Tsamba 41." A Hamilton anapukusa mutu. "Pulogalamu yosungira mayinayi imangodziwa manambala awiri omaliza a chaka. Ikaona 2003 imayesa 1903, basi n'kukana. Abwana anati angolemba 1999, chaka chino, zithe. Milungu iwiri akukangana. A Amisi amvekere, 'Chitsanzo changa chili bwino, konzani pulogalamu yanuyo.'"

"Chitsanzo chanji chovuta chonchi?" anafunsa a Zuberi. Magalasi analibe, choncho anapatsira Safia pepalalo. "Tawerenga, iwe wa sukulu."

Safia anawerenga.

"Dzina la wophunzira, Safia Amisi. Maphunziro, sayansi ya makompyuta. Chaka cholandira digiri, 2003."

Mayi ake anadziphimba kumaso ndi mpango. Panja takisi ya ku Boksburg inaliza hutala, n'kudutsa.

"Ndingosintha chakacho, mphindi imodzi," anatero a Hamilton, zala zili kale pa mabatani.

"Ayi." Chiikireni maliro, Safia anali asanakweze mawu chotere. "Musasinthe, ankolo. Chonde."

A Hamilton anabweza manja.

A Zuberi analandira pepalalo n'kuliyang'ana nthawi yaitali, ngakhale sankaona bwino zolembedwazo.

"Amisi makani," anatero potsiriza. "Ali mwana, akati mbuzi ili kuphiri, umangopita kuphiriko."

Anatsokomola, natembenukira kwa mayi ake a Safia.

"Dona uja apeze wina. Uyu akhala kwathu ku Boksburg mpaka alembe mayeso."

Kenako anapinda pepalalo bwinobwino, mosamala kuti mpindo usadutse pa dzina, n'kumupatsa Safia ndi manja awiri.