Kompyuta ya m'Shopu ya Mlongo Wake

Khoti la kudziko lakunja, kumene kunatsalira mwana wake wamkazi, linamulola Mtchona kulankhula ndi mwanayo pa vidiyo kamodzi pamwezi. Akachedwa, mayi wa mwanayo ankatseka, basi mpaka mwezi wamawa. Lero foni yake inali itagwera m'ndowa, ya mlongo wake inali ya mabatani, ndiye anakhala pa kompyuta ya m'shopu ya mlongoyo, pafupi ndi makina a fotokope. Nthawi inali itakwana kale, koma kachizindikiro pasikirini kankangozungulira ngati mbuzi ya pachingwe.

"Imatero ikatopa, achimwene. Inyengerereni."

"Makina sanyengereredwa."

Anayamba ndi zapafupi, monga ankachitira zaka zonse zija pokonza makompyuta m'maofesi a eni ake kunjako. Anatseka zonse zimene zinali zotsegula. Palibe chinasintha. Anazimitsa n'kuyatsanso, inadzuka ngati munthu wa malungo. Anayang'ana mapulogalamu: palibe imene inkadya mopitirira. Malo osungira analipo ambiri. Intaneti nayo inalibe mlandu.

"Kunja konse kuja munkaphunzira zomwezi?" anatero mlongo wake. "Kuzimitsa n'kuyatsa ndimathanso ine."

Mtchona anatchera khutu. Pansi pa tebulo fani yoziziritsa kompyuta inkalira mobanika. Atawerama anapeza bokosi la kompyuta litakutidwa ndi nsalu yoluka yamaluwa ofiira, yomangidwa ndi kachingwe. Anaizindikira: inkavundikira wailesi ali ana, kale kunyumba kukadali kunyumba. Atakhudza chitsulo anachotsa dzanja msanga. Chinali moto.

"Ikulephera kupuma. Nsaluyi ichoke."

"Musayerekeze! Anayala okha amayi, kuopa fumbi la mumsewumu, sabata imene anagonekedwa m'chipatala. Inu munali kuti? Ndi maliro omwe munaonera pa foni."

Mawuwo anamulowa mpaka m'mafupa. Komabe anagwada, n'kumasula mfundo ya kachingwe kaja. Nsalu anaipinda bwinobwino. Mlongo wake anaitsomphola osamuyang'ana.

Anazimitsa, anauzira fumbi m'timabowo, n'kumakupiza ndi chikuto cha buku, thukuta lili kamukamu. Kudikira kuti izizire kunamuwawa kuposa zonse.

Atayatsa, inatseguka msanga. Anaimba. Inaitana, inaitananso.

Kenaka nkhope ya mwana wake inatulukira, mano akutsogolo atagweluka.

"Adadi! Amami amafuna kutseka. Akulira kumbuyo kwanuwo ndani?"

Mtchona anasendeza mpando.

"Ndi azakhali ako. Apatse moni."