Asidi wa ku Chipata

A Ezara a ku Pembamoyo anali ndi diso limodzi, ndipo diso limenelo ndilo linkadyetsa nyumba yonse. Linalo linapita kalekale ndi kachitsulo kamene kanathetheka akudula lata. Ntchito yawo inali yomata makheni othirira mbewu ndi zidebe zobooka pansi pa mango kuseri kwa nyumba. Mkazi wawo Lonia ankalisamala disolo ngati dzira, moti akawaona akusuzumira pafupi ndi makala, mtima unkamuthawa.

Mtovu sugwira pachitsulo popanda mankhwala, ndipo mankhwalawo a Ezara ankapanga okha. Ankathira asidi m'botolo n'kuponyamo tizidutswa ta zinki tosenda ku mabatire akutha a tochi. Zinkiyo akasungunuka, madzi otsalawo ndiwo ankapaka pobookapo asanamate. Koma asidi wa pamsika wa pa boma ankadutsa m'manja ambiri, ndipo dzanja lililonse linkawonjezamo madzi. Pofika kwa a Ezara amakhala atafooka ngati tiyi wa pamaliro. Zinki ankagona m'menemo masiku awiri, kumangotulutsa kathovu kamodzikamodzi. Ndiye mkuluyu anazolowera kutseka botolo ndi chitsononkho n'kulikhutchumula kuti zifulumire, uku akutukwana ogulitsa onse ndi makolo awo omwe. Zaka makumi atatu ankachita zimenezi osaona vuto.

Mu Seputembala, dzuwa litakwiya, eni madimba anaunjika makheni pansi pa mango paja, aliyense akufuna yake ikonzedwe dzulo. Ndi pamene Steward, mwana wa mlongo wawo woyendetsa minibasi ya ku Chipata, anawabweretsera chigubu cha asidi chosatsegula.

"Malume, uyu ndi weniweni, sanalawepo madzi," anatero Steward. "Ogulitsa akuti muzisamala naye."

M'mawa mwake atatsegula chigubucho, munatuluka kautsi koyera. Fungo lake linamuluma Lonia m'mphuno ali pakhonde, akuyanika zovala.

"Atate ake Natasha, uyu si uja munazolowera," anatero Lonia. "Yambani mwamusungunula ndi madzi, kapena ponyani kachidutswa kamodzi muone kaye."

"Amake Natasha, madzi ndi amene andisaukitsa zaka zonsezi. Lero ndawathawa, inu mukuti ndiwaitanenso?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Lonia anali asanawaone akusangalala chonchi chaka chonsecho, ndipo anangopitiriza kuyanika zovala kuopa kuwawonongera tsiku. Koma paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

A Ezara anathira asidi mpaka theka la botolo, naponyamo zinki dzanja lodzaza monga mwa masiku onse. Anatseka ndi chitsononkho n'kukhutchumula kawiri. Zimene zinkatenga masiku awiri zinachitika munthu asanameze malovu. M'botolo munalira ngati mafuta okazingira, thovu linakwera mpaka kukhosi. M'malo moliponya kutali, a Ezara analikweza pafupi ndi diso lawo, kuti aone bwino chinthu chimene anachilakalaka zaka zonsezo. Chitsononkho chinafwamphuka.

Sanakuwe kwambiri. Anagwada, manja ali kumaso, n'kumangoti, "Madzi, amake Natasha. Madzi."

M'nyumba munalibe ngakhale dontho, onse anali atathera kuchapa. Lonia anatola kheni imene inali pafupi n'kuliyatsa liwiro la kumjigo, kutsidya kwa bwalo la sukulu. Anapopa ngati wamisala, kheni inadzaza, nabwerera. Ali pakati pa bwalo anamva chitenje chikumumata m'miyendo. Apo m'pamene anazindikira chimene wanyamula. Makheni onse a pansi pa mango anabwera pamenepo chifukwa chobooka. Anatseka bowo limodzi ndi chala, madzi anatulukira pena. Anakweza kheniyo pachifuwa, akuthamanga, akulira, akuipempha ngati ikumva. Pofika pakhomo munatsala madzi osakwana kapu ziwiri.

Anawathira m'disomo, natenga mphika kubwereranso kumjigo. Ali m'njira ulendo wachiwiriwu ndi pamene nzeru inamufikira yoti akanangowagwira dzanja amuna ake n'kupita nawo kumjigo komweko. Nzeru imeneyi inamupweteka kuposa china chilichonse.

Kuchipatala cha pa boma anafika masana pa ngolo ya anansi. Adokotala anatsuka disolo nthawi yaitali, kenako anawalitsa katochi. A Ezara sanaphethire. Diso linali litachita mbuu ngati la nsomba yophika.

"Siliona, ndipo sindikunamizani kuti lidzaonanso," anatero adokotala. "Asidi wamphamvu chonchi sapatsa munthu nthawi. Chimapulumutsa ndi madzi ambiri, pompopompo. Mayi, munawatsuka ndi madzi ochuluka bwanji?"

Lonia anadziyang'ana m'miyendo. Chitenje chake chinali chitauma kale, panalibe chomuneneza.

"Kheni yodzaza, adokotala," anayankha a Ezara, nkhope italoza kukhoma. "Anathamanga mayiyu. Madzi anabwera ambiri."

Lonia anayang'ana amuna ake. Zaka makumi atatu makheni obooka akudutsa m'manja mwawo, ndipo ankadziwa kulira kwa kheni yopanda kanthu ikamaikidwa pansi.