Guluu wa Nsapato M'buku la Sayansi

Buku la sayansi linabwerera kusukulu Lolemba masamba asanu ndi limodzi atagwirana ngati chikopa. Amene anawamata ndi guluu anali bambo wosoka nsapato, wodziwika ndi dzina loti a Zidendene. Anapeza mwana wawo wamkazi akuwerenga mutu wonena kuti zamoyo zakhala zikusintha pang'onopang'ono kwa zaka zankhaninkhani, mkwiyo n'kuwayakira. Anati m'nyumba mwawo munthu analengedwa ndi Mulungu, nkhani yathera pomwepo.

Anaiwala kuti bukulo silinali la mwana wawo yekha. Ana anayi a pa desiki imodzi ankalandizana, ndipo mayeso anali atatsala masabata awiri.

Masana omwewo telala woyandikana nawo, mayi wa mmodzi mwa anawo komanso wa m'komiti ya makolo, anafika n'kuponya bukulo pa benchi, pakati pa misomali.

"Achimwene, mwana wanuyo mwamutseka maso, kaya. Nanga wangayu anakupatsani ndani?"

A Zidendene sanagonje. Anati makolo amangoitanidwa mpanda wa sukulu ukagwa, koma za zomwe ana akuphunzira palibe amawafunsa, ngati anawo anangomera okha. Apa sananame. Chaka chonse ahedi anali asanaitanitsepo msonkhano, ndipo telalayo anavomera kuti nayenso zimamuwawa. Koma anawauza kuti silabasi sisinthidwa ndi kholo limodzi, ngakhale ahedi amene. Kholo lili ndi ufulu woona zomwe zikuphunzitsidwa, kufunsa, ndi kupereka dandaulo kudzera m'komiti mpaka ku ofesi ya maphunziro. Mayeso amafunsa zomwe asayansi apeza, osati zomwe mwana amakhulupirira.

"Inu mumasoka nsapato za anthu a mipingo yonse," anatero telalayo. "Mwalowapo ingati?"

Mwana wa a Zidendene uja anali pakhomo, yunifolomu asanavule. Anzake anali atamuthawa pa desiki, akumunena kuti mwana wa guluu.

"Ababa, kupemphera sindinasiye," anatero. "Koma funso la mutu umenewu likabwera pa mayeso, anayi tonsefe tilemba chiyani?"

A Zidendene anayang'ana bukulo.

M'mawa mwake iwo ndi telalayo anazungulira ndi kalata yopempha msonkhano, makolo n'kusaina, ndipo ahedi anaitanitsa msonkhano Lachisanu. Kumeneko a Zidendene analankhula mpaka mawu kusasa. Makolo ena anawaombera m'manja, ena anawatsutsa kuti akufuna ana awo adzakhale madokotala. Mphunzitsi wa sayansi anaonetsa mutuwo, n'kunena kuti sanauzepo mwana aliyense kuti asiye chikhulupiriro chake. Onse pamodzi anamanga mfundo yoti teremu iliyonse makolo azionetsedwa mitu yonse, sayansi iziphunzitsidwa yathunthu, ndipo za chilengedwe monga mwa chikhulupiriro kholo lililonse liziphunzitsa kwawo.

Guluu uja anakana kumatuka, poti a Zidendene ntchito yawo amaidziwa. Aphunzitsi anabwereka anawo buku lawo, ndipo bamboyo anatenga mabuku onse othothoka a m'kalasimo n'kuwasoka ndi ulusi wa nsapato. Funso lija linabweradi pa mayeso, ndipo ana anayiwo analiyankha.

Kholo, mawu ako pa maphunziro a mwana ndi ufulu wako, usalole wina akutseke pakamwa. Koma kawanene pamsonkhano, pomwe makolo anzako angakuyankhe. Buku la ana anayi silitsekedwa ndi dzanja la munthu mmodzi.