Dazi la a Esitere

M'chaka cha 1916 nkhondo inatseka njira, ndipo vinyo wa ku Ulaya anasiya kufika pa mishoni ina ya kumapiri a Dedza. Wansembe wa pamenepo anaganiza zopanga wake ndi mphesa zimene anabzala kuseri kwa tchalitchi. Koma mvula inadula mu Januwale, mphesa zikadali zanthete.

Ntchito yothirira anapatsidwa a Esitere, mayi wamasiye wa ku Mphunzi. Kwa miyezi iwiri ankakwera chitunda ndi mtsuko pamutu kuchokera kumtsinje, maulendo makumi awiri pa tsiku, uku chimanga chawo chikufota kumunda.

Zitapsa, wansembe anasakaniza mphesa zakuda zowawasa ndi zofiira zotsekemera, ndipo vinyo anatuluka wofiira psuu, wonunkhira bwino. Tsiku lina kunabwera mzungu wogula fodya amene ankadziwa Chinyanja. A Esitere akusesa pakhonde, anamumva akuuza wansembe kuti, "Vinyo wokoma chonchi amafuna dzuwa lambiri. Chilala chija chinakukomerani mtima, Bambo."

Wansembe anangovomera, akumwetulira.

A Esitere anaponya tsache pansi, navula mpango. Pakati pa mutu pawo panali dazi, pamene nkhata inathothola tsitsi.

"Kukoma mtima kwa chilala n'kumeneku, bwana? Ana anga akudya gaga, inu mukuthokoza dzuwa!"

"Mayi, kudzitama ndi tchimo," anatero wansembe motsitsa mawu.

"Ndidzalapa Loweruka, Abambo. Koma wothirira mupeze wina."

Kolapa anapitadi, ndipo Misa sanaphonyepo. Koma m'munda wa mphesa uja sanapondemonso.