Galimoto ya Mabatire ya a Yesaya

Chaka cha 1996, petulo atakwera mtengo mpaka a matola kuyamba kulipiritsa ngakhale dengu lopanda kanthu, a Yesaya Kamphata anamaliza kupanga galimoto kuseri kwa nyumba yawo ku Chipoka. Anthu ankaitcha ngolo, koma eni ake dzinalo sankalifuna. Inali ndi mateyala atatu, mpando wa thabwa, ndi malo kumbuyo okwana madengu asanu a nsomba. Petulo sinkamwa. Pansi pa mpando panali mabatire anayi a lole, ndipo mota yake anaigula kwa ogulitsa zitsulo zakale kudoko, kumene iwo anagwira ntchito ya zamagetsi asanapume.

Masiku amenewo boma la zipani zambiri linali lidakali lachilendo, ndipo paliponse anthu ankangokamba za geni. A Yesaya ankafuna kupanga magalimoto ena awiri, koma ndalama zinali zitathera pa yoyambayo. Choncho anaitana anthu awiri amene ankadziwika kuti ali ndi kangachepe. Woyamba anali a Noah Gondwe, mphunzitsi wamkulu wa ku Rumphi amene anali atangolandira ndalama zopumira ntchito. Winayo anali mayi Hajara Saidi, amene ankagula nsomba kwa asodzi n'kumakagulitsa kumsika wa paboma ku Salima.

A Gondwe anaizungulira galimotoyo kawiri, n'kugogoda thabwa lake ndi chala, ndipo anaikonda pomwepo. Ananena kuti petulo sadzatsikanso mtengo, ndiye aliyense woyenda popanda petulo ndiye mwini tsogolo. Mayi Hajara sanatsutse. Anangofunsa kuti mabatirewo amakhala miyezi ingati asanafe, komanso kuti galimotoyo ingalimbane bwanji ndi pikapu ya a Abdallah, imene inkanyamula amayi onse a nsomba m'mawa uliwonse. A Yesaya anayankha za pikapuyo mwatsatanetsatane, koma za mabatire anadumphako.

"Ine zinthu ndimazimva ndikazikwera," anatero mayi Hajara. "Mawa munditengere chambo changa mpaka paboma."

M'mawa mwake anapakira madengu anayi n'kunyamuka. Galimotoyo inkayenda mwakachetechete, kungomveka tcheni basi. Inkapitirira njinga, ngakhale pokwera inkachita ngati ikuganiza kaye. Mayi Hajara anadabwa kuti ulendowo unawakomera. Panalibe utsi, panalibe wowapondera dengu, ndipo palibe anaima panjira kudikira kuti galimoto idzaze. Anafika kumsika chambo chidakali chonyezimira, ndipo pofika teni koloko anali atagulitsa chonse. Mumtima anayamba kuvomera.

Vuto linabwera pobwerera. A Yesaya atayeza mabatire anapeza kuti mphamvu yotsala singawafikitse ngakhale theka la ulendo. Anakankhira galimotoyo kwa munthu wina wowotcherera zitsulo kuseri kwa msika, amene ankatchajanso mabatire. Kumeneko anapeza mabatire atandandalika pansi kuchokera pakhomo mpaka pamsewu, lililonse litalembedwa dzina la mwini wake ndi penti. Mwini malowo anali ndi tchaja imodzi yokha. Anawauza kuti adikire masiku awiri, ndipo zoti adumphe mzere anakana.

A Yesaya akuchonderera, mayi Hajara anakhala pa benchi n'kumaonerera. Pa nthawi yochepayo panafika anthu asanu ndi awiri, aliyense batire atalimanga pa kaliyala ya njinga. Wina anati wachokera kwa Maganga, wina ku Chinguluwe. Mayiwo anawafunsa kuti mabatirewo ndi antchito yanji. Ambiri anati ndi a wailesi, poti masiku ano nkhani zachuluka ndipo munthu safuna kuphonya zimene aphungu akukangana. Bambo mmodzi anati lake ndi loonetsera kanema m'mudzi, ndipo likakhala pano masiku awiri ndiye kuti geni yaima. Onse ankadandaula za kuchedwa, koma palibe amene ankadandaula za mtengo.

Tsiku limenelo mayi Hajara anabwerera kwawo pa pikapu ya a Abdallah, atapanikizika pakati pa matumba a chimanga. A Abdallah anawafunsa moseka ngati galimoto yatsopano ija yagona paboma. Mayiwo anangoti inde, yagona.

Lachisanu, atatuluka ku mzikiti, mayi Hajara anapita kwa a Yesaya n'kupeza a Gondwe atafika kale. A Gondwe anati zimene zinachitikazo n'zazing'ono, chinthu chilichonse chatsopano chimayamba n'kupunthwa, ndipo iwo ndalama zawo aika. Kenako onse awiri anatembenukira kwa mayi Hajara.

"Galimoto yanu ndi yabwino, bambo," anatero mayiwo. "Koma ikudziwa kupita kokha, kubwera sikudziwa. Ine ndalama zanga ndiika pa malo otchajira, amodzi kuno, ena paboma. Matchaja mupange ndinu, ndipo phindu tizigawana. Galimoto yanu izitchajidwa ulele, popanda kuima pa mzere."

Nkhope ya a Yesaya inagwa. Anati iwo anawaitanira galimoto, osati kudzasandutsidwa wantchito wotchaja mawailesi a anthu. Anaonjezera kuti munthu wogulitsa nsomba sangamvetse zimene iwo anavutikira zaka zitatu. Mawu amenewa anawapweteka mayi Hajara. Komabe anatsanzika bwinobwino n'kumapita.

Panatha milungu itatu osalankhulana. Mayi Hajara anaganizapo zokapeza wazamagetsi wina ku Lilongwe, koma sanafune kupatsa mlendo geni imene anaidziwira pa ulendo wa a Yesaya. Tsiku lina akuyanika usipa pa thandala, anaona a Yesaya akubwera atanyamula bokosi lachitsulo lokhala ndi mawaya asanu ndi atatu. Za mawu aja sanapepese. Anangoika bokosilo pansi n'kunena kuti limatchaja mabatire anayi nthawi imodzi, ndipo lachiwiri litha sabata yamawa.

Malo a ku Chipoka anatsegulidwa m'kachipinda kalendi pafupi ndi siteshoni ya sitima. Malo a paboma anatsegulidwa mvula itayamba. Magetsi akathima anthu ankadikirabe, koma masiku ambiri munthu ankasiya batire m'mawa n'kulitenga madzulo. Wowotcherera zitsulo uja anatsitsa mtengo, kenako anagula tchaja yachiwiri, komabe ntchito inakwanira onse.

Galimoto yachiwiri inapangidwa ndi ndalama za a Gondwe, ndipo kwa miyezi isanu ndi iwiri magalimoto onse awiri ankanyamula nsomba ndi mpunga. Kenako mabatire anayamba kufooka limodzilimodzi. Atafunsa mtengo wa atsopano ku Lilongwe, anapeza kuti wakwera pafupifupi kawiri chifukwa cha kugwa kwa kwacha. Zonse zimene magalimotowo anapeza sizinakwane kugula mabatire asanu ndi atatu. Amayi a nsomba anabwerera kwa a Abdallah, ndipo galimoto yachitatu sinapangidwe.

A Gondwe anataya zambiri, koma sanakwiyire munthu. Anagwirizana ndi a Yesaya kuti asankhe mabatire anayi amene anali adakali ndi moyo, awaike m'galimoto imodzi, n'kuipereka kwa a Gondwewo. Ankapita nayo kutchalitchi ndi kuchigayo, maulendo aafupiafupi, ndipo ankauza aliyense kuti nzeruyo inali yolondola, kungoti inafulumira kubwera.

Mayi Hajara nsomba sanasiye. Chaka chotsatira anatumiza mwana wawo wamkazi, Molly, kukaphunzira zamagetsi ku Lilongwe. A Yesaya ndiwo anamulembera kalata yomuchitira umboni, ndipo anamuperekeza mpaka pa depoti ya basi.