Chisoti cha Tcheyamani

"Manje chisote chili kuti?"

A Nicodemus anafunsa ataima pakati pa balaza, manja ali m'chiuno. Zovala za malemu mkulu wawo, a Abednego Njobvu, zinali zitayalidwa pamphasa kuti abale agawane: majekete, malaya a Chipani, nsapato zakutha zidendene. Mipando inali ikadali panja pomwe anaitulutsira tsiku la maliro, ndipo munthu akatsokomola nyumba yonse inkamuyankha.

Mayi Regina, mkazi wa malemu, anali khale pangodya, miyendo atatambasula, mutu wometa ataukulunga m'duku lakuda.

"Bamulamu, nikamba na imwe."

"Sinichiziba."

Linali bodza la theka. Chisoti chija dera lonse la Kabwata linkachidziwa: chofiirira, cha baji ya Chipani kutsogolo ndi nthenga ya nkhanga pambali. Chikangotulukira pamsika, amayi opanda khadi la Chipani ankabisala kuseri kwa matumba a makala, pakuti mwini wake anali tcheyamani wa sekishoni, munthu wa mawu ochepa ndi nkhope ya mwala. Koma kuyambira dzinja lapitalo, a Abednego ankabwera madzulo dazi lili pamtunda. M'mawa, tiyi asanapse, ankatuluka, n'kubwerera chisoti chili kumutu. Mayi Regina sanabadwe dzulo. Chisoti chogona kunja, mumtima mwawo, chinali ndi mkazi wochisunga. Anakhala chete miyezi yonseyo, kudikira tsiku loti afunse, mpaka m'mawa wina anthu anadzawauza kuti amuna awo agwa m'kanjira ka kuseri kwa tchalitchi, opanda chisoti, akulowera komwe iwo sankakudziwa.

"Mvelani," anatero a Nicodemus, akunjuta pafupi nawo. "Mapulaimale, masankho ya mu Chipani, yafika. Ba Kapembwa ba ku Woodlands, bakulu ba mu Chipani, bafuna kuimilila, ndipo bakamba ati banja ya Njobvu iyende nyumba na nyumba. Ine, imwe, Febby, tonse. Bantu bakaona mukazi wa ba Tcheyamani, bazaziba kwamene sekishoni iyenda."

Febby, mwana woyamba wa malemu, anasiya jekete lomwe ankapinda. "Atate aang'ono, dothi pamanda ikalibe kuuma. Amai sibanasuzulidwe. Bazayenda bwanji m'manyumba ya bantu?"

"Mwambo uzakupasani pogona? Iyi nyumba ni ya khonsolo, zina ilipo ni ya mufi. Ba Kapembwa bakakamba liu imozi chabe, mukhala. Bakakhala zii, katundu panja."

Zimenezo zinali zoona, ndipo choonadi chikatuluka m'kamwa mwa munthu wadyera chimawawa kawiri. Mayi Regina anayang'ana makoma a nyumba yomwe anabadwiramo ana awo onse. Kumudzi ku Katete anachokako ali mtsikana, ndipo kunalibenso wowadziwa.

Chiikireni maliro ku Chingwere, tulo tawo tinali ta mbalame. M'bandakucha uliwonse ankamva geti likulira, kenako kakhosomola kouma kaja, kenako mapazi akupita. Osati akubwera, akupita. Ngakhale atafa, bamboyo ankadzukabe kupita kwa mkazi uja. Mayi Regina ankachita mantha, koma nsanje inkaposa manthawo, ndipo ankachita nayo manyazi nsanje yochitira mtembo.

Loweruka masana anamanga chitenje cha Chipani pamwamba pa diresi lakuda. A Nicodemus anatsogola, akuodira khomo lililonse ndi mawu a pamsonkhano. Anthu ankatuluka, n'kuona mutu wa namfedwa, n'kugwetsa maso. Ena ankavomera msangamsanga kuti alendowo achoke. Mayi wina anakokera mwana wake m'nyumba kuti asakhudzane ndi chovala chakudacho. Febby ankayenda pambuyo.

Atakhota m'kanjira ka kuseri kwa tchalitchi, Mayi Regina anaima. Kumapeto kwa mzere wa nyumba, pafupi ndi mpanda wa maluwa, panaima munthu wamtali ndithu, mutu atapendeka pang'ono monga ankachitira akamamvetsera mlandu. Nthenga ya nkhanga inkagwedera ndi mphepo.

"Abednego," ananong'ona.

Febby anawagwira mkono. "Amai, ni mutengo wa geti chabe."

Chinali chisoti, chitakolekedwa pansanamira ya geti, fumbi la masiku onsewa litachikuta. Nyumbayo inali ndi mazenera otseka ndi makatoni, ndipo padenga panali miyala yomwe inagwerapo n'kukhalira pomwepo.

"Pa Mwape!" A Nicodemus analavula. "Mwamuna ali m'ndende chifukwa chotukwana Chipani, mukazi ndiye uyu anali kusunga chisote cha mukulu wanga? Sitingena apa."

Koma Mayi Regina anali atatsegula kale geti. Anafuna amuone mkaziyo, aone chomwe anali nacho choposa iwo. Pakhomo panatuluka mayi woonda, wamkulu kuposa iwo, ana awiri atamukangamira chitenje. Ataona diresi lakuda anagwada pakhonde pomwepo.

"Ba mayo, ndine Winifred. Munikhululukile, sininabwele ku malilo. Ninayopa kumiletelelani."

"Chisote cha amuna banga chichita chani apa?"

"Sibanangenepo mu nyumba muno, olo kamozi. Olo manzi sibanamwepo." Winifred analoza mazenera a makatoni aja. "Pamene banatenga amuna banga, bashi bana, ba yufi ba Chipani benze kubwela kutema nyumba na myala, bana kulila mpaka kucha. Siku imozi ba Tcheyamani banapita apa, banaona mawindo. Sibanakambe chilichonse. Banavula chisote, bakoleka apo, bayenda. Ba yufi pobwela baona chisote, baganiza ati ba Tcheyamani bali mukati, babwelela. Kuchokela apo, mazulo bakoleka, kuseni batenga."

"Bantu benze kukamba chani?"

"Benze kukamba vamene imwe munaganiza. Ninabauza ati zina yanu iwonongeka. Banayanka ati, zina siimvela kuwawa, mutu wa mwana ndiye umvela."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wa Winifred unali ulemu wa a Abednego, womwe iwo eni anausiya kuti anthu auponde. Chisoni chinawagwira Mayi Regina, chisoni cha miyezi yomwe ankawapatsa amuna awo chakudya osawayang'ana kumaso.

"Manje bonse baziba ati banafa," anatero Winifred. "Koma chikali apo, palibe wamene atema. Bayopa. Bakamba ati bamabaona kuseni, baimilile pa geti."

A Nicodemus anadutsa, n'kuchotsa chisoticho pansanamira, n'kuchikuntha fumbi pabondo. "Vasila, basi. Ba Kapembwa bakamvela ati chinali apa, nyumba mwaluza. Tiyeni."

"Bweletsani, mulamu. Nichipukute."

Mayi Regina anachilandira ndi manja awiri. Mkati munali mukumvekabe fungo la mafuta a m'mutu mwa amuna awo. Anachipukuta ndi nsonga ya chitenje cha Chipani, pang'onopang'ono, baji mpaka inawala, n'kuwongola nthenga ndi zala. M'mipanda ya nyumba zoyandikana munali mutadzaza maso, ndipo ankadziwa kuti dzuwa lisanalowe nkhani ikhala itafika ku Woodlands.

"Bamulamu, ganizilani bana banu."

Mayi Regina anayang'ana Febby. Febby anagwedeza mutu kamodzi, movomereza.

Anatambasula manja, n'kuchikoleka pansanamira paja, n'kuchipendeketsa pang'ono kumanzere, mmene mwini wake ankachivalira.