Mkukwe Womaliza

Eliness anafika ku Iponga chaka chimene boma linalamula kuti aphunzitsi akumpoto abwerere kwawo. Iye anali wa ku Dedza, anangotsatira mwamuna wake Kenan, mphunzitsi wochokera kumeneko, mwana wawo Dora ali kumsana. Kenan sanakhalitse. Anadzala chimanga mvula itagwa, malungo n'kumutenga chisanamasule ngayaye.

Tsopano anali masika, ndipo Eliness ankakolola mundawo mozengereza dala. Amayi a pachitsime, amene pakamwa pawo sipakhala chitseko, anali atamuuza kuti nkhokwe ikadzaza mkazi wachilendo amaona msewu, mwana n'kutsala, poti kuno mwana ndi wa kuchimuna. Chimanga chilichonse chogwera m'dengu chinkamudula mtima.

Woti n'kumufunsa anali mmodzi yekha, apongozi ake aamuna, a Zebedee. Koma mwambo wa kwawoko ndi wouma gwa: mtengwa sayang'ana apongozi aamuna, salankhula nawo, akakumana panjira amapatukira kutchire. Chaka chonse Eliness ankawadziwira chifuwa chawo ndi zidendene zong'aluka basi.

Tsiku la mkukwe womaliza anamva chifuwa chija kumbuyo. Anagwada msanga, nafunda chitenje kumutu. Mkuluyo anakhala pansi kuseri kwa mkukwe n'kuyamba kufwanthula makoko, osafulumira, ngati munda ndi wa munthu wopanda nkhawa. Eliness anangoti basi, abwera kudzaona ngati ntchito yatha.

Kenako anawamva akulankhula, m'Chichewa chawo chotsimphina, osati kwa iye koma kwa mapesi.

"Iwe mkukwe, umuuze mayi wa Dora kuti iyi ndi mbewu ya mwana wanga. Aipachike pamwamba pa moto wake, utsi uziisunga. Mvula ikabwera, ine ndibwera ndi ng'ombe kudzamulimira."

Mapazi aja atayamba kuchoka, Eliness anasuzumira. Pansi panali chimanga chosankhidwa, chachikuluchikulu, chomangidwa chiwirichiwiri ndi makoko ake omwe. Munthu wothamangitsidwa sapatsidwa mbewu. Anachifungatira pachifuwa ngati khanda, misozi ili chuchuchu, ndipo anali misozi ya chimwemwe, yoyamba chimwalirireni Kenan.

"Iwe mkukwe," anatero Eliness, "uwauze atate kuti ndamva. Ndaga, ndathokoza."

Kumalire a munda mapazi aja anaima pang'ono. Chifuwa chinamveka, chofewa, ndipo mkuluyo anapitiriza ulendo osacheuka.